Sabata Yachiwiri ya Febuluwale

Chelstone, Lusaka
Lachitatu masana

Thandiwe mwana wanga,

Nyumba yadzaza, ndipo ndaona kuti mpata woti tikhale awiriwiri sindiupeza ndege yako isananyamuke mawa. Azakhali ako alanda khitchini, amuna akhala pansi pa mpeyala ndi atate ako, ndipo amayi a kumpingo akubwera nthawi ya folo kudzakutsanzika. Za kugwada, za madzi osamba ndi za kusunga pakamwa akuuza iwowo, ndi ntchito imene amaidziwa kuposa ine. Ine ndadzitsekera kuchipinda ndi taipi yanga yakale kuti ndikulembere za chinthu chimodzi chokha, pepala lija unationetsa Lamlungu. Kalatayi ndiika m'chikwama chako cha m'manja. Uiwerenge m'ndege, pamene sungathe kundidula mawu.

Pepalalo anatumiza ndi amuna ako a Chanda pamodzi ndi tikiti yako. Ndaliwerenga kawiri, monga ndinkachitira ndi makalata a ku ofesi ndisanawapereke kwa bwana. Likunena za malo aakulu a masewera ku Amerika kumeneko, kumene kuli mawilo ataliatali okweza anthu m'mwamba, tisitima, maiwe osambiramo ndi nyumba zonga za m'mabuku a ana. Pambali pake amanga zipinda zogona alendo, koma chimene akugulitsa si chipinda ayi, ndi sabata. Umalipira ndalama zambiri kamodzi, kenaka zocheperapo chaka ndi chaka, ndipo sabata imodzi pachaka chipindacho ndi chako mpaka imfa. Iwe unati, "Mami, bamaitana ati taimusheya. Ni vinthu va manje, imwe simungavizibe." Atate ako anatsokomola, ine ndinanyamuka kukachotsa mbale. Unatinso a Chanda akudikira iwe chifukwa pamafunika kusaina nonse awiri. Ndiye kuti dzanja lako lili ndi mawu pa nkhaniyi, n'chifukwa chake ndikulembera iwe osati mkamwini wanga. Usiku wa tsikulo atate ako anangoti, "Amake Thandi, muuzeni ndimwe."

Si zamanje. Ine ndi atate ako tinagulapo sabata, iwe uli ndi zaka zisanu. Iwe umaikumbukira ngati nyumba yathu ya kunyanja. Chithunzi chija waika pamwamba m'sutikesi, uli pa kavalo wamatabwa mano a kutsogolo kulibe, chinajambulidwa kumeneko, ndipo Lamlungu unachiloza n'kunena kuti ukufuna ana ako adzakhale ndi zimene iwe unali nazo. Sitinakuuzepo kuti nyumbayo sinali yathu. Inali yathu masiku asanu ndi awiri, masiku ena onse inali ya mabanja ena amene sitinawaonepo nkhope.

Kulakwa kwanga koyamba kunali kudya. Tinkakhala ku Kabwata nthawi imeneyo, kopa ya m'migodi inali ndi mtengo, ndipo atate ako anali atangokwezedwa kukhala pa mpando umene kale unali wa mzungu. Ku ofesi kwawo kunafika khadi la m'mbali mwa golide: chakudya chamasana chaulere ku hotela ina m'tauni, mubwere ndi akazi anu. Ndinasoketsa diresi. Tinadya nkhuku ndi mpeni ndi foloko, ndipo titamaliza anatseka makatani n'kutionetsa kanema pakhoma. Munali nyanja ya Kariba, tinyumba toyera tofolera udzu, ana akukwera kasitima, ena akuzungulira pa akavalo amatabwa. Magetsi atayaka, mkulu wina wa suti ya safari anakoka mpando n'kukhala pa tebulo lathu ngati mbale.

"Ba Phiri, imwe ndimwe bakulu manje," anatero kwa atate ako. "Holide si ya bazungu chabe. Tinalwila ufulu kuti na ise tipumuleko. Koma mtengo uyu ni wa lelo chabe, mailo ukwela."

Atate ako anati, "Tikaganizeko kaye kunyumba."

Ine ndinawaponda phazi pansi pa tebulo. Zifukwa zinali ziwiri. Pa tebulo lapafupi panali Agnesi, mnzanga wa kusukulu ya mishoni amene anakwatiwa ku Kabulonga kwa anthu olemera, ndipo ndinamuona akusaina. Agnesi ndinkamuposa masamu zaka zonse, ndiye sindikanalola kuti andipose holide. Chachiwiri, tinali titadya. Kwathu sudya chakudya cha munthu n'kumukanira pamaso pakamwa pakali mafuta, ndipo ogulitsa aja ankadziwa bwino mmene tinaleredwera. Tsono tamvera, Thandiwe. Pepala la a Chanda likulonjeza masiku awiri aulere kuti mukaone malowo. Kadyeni, kasambeni, thokozani, pukutani pakamwa n'kunyamuka. Nkhuku imeneyo si ya chibale. Mtengo umene ukutha lero udzakhalapo ndi mawa lomwe, ndinauona ine ukutha lero kwa zaka zitatu. Usasaine chinthu tsiku limene wadya za mwini wake.

Kulakwa kwachiwiri ndinakuona titafika kunyumba, nditavula nsapato n'kuwerenga satifiketi yathu mpaka pansi. Sabata yathu inali yachiwiri ya Febuluwale. Masabata a Ogasiti ndi a Khirisimasi, pamene sukulu zatsekedwa, anali atapita kale kwa a ku Kabulonga ndi a ku Woodlands pa mtengo wina umene sanatiuze n'komwe. Safunsa anadya phula. Febuluwale ndi mvula, ndi udzudzu, ndi sukulu, ndipo msewu wotsika mapiri kupita kunyanja unkakokoloka. Chaka choyamba mvula inagwa masiku asanu. Kasitima sikanayende chifukwa njanji yake inamira m'matope, ndipo tinakhala pakhonde kusewera makadi, iwe ukuwerenga achule. Masiku awiri otsalawo kunawala, ndipo sindikunamiza, kunakoma. Ndinagona masana popanda wogogoda pakhomo, koyamba chikwatiwire. Ndinaona atate ako atavala kabudula, akuthamangitsa mpira ngati si munthu wa tayi. Zabwino zilipo ndithu m'zinthu zimenezi, wogulitsa sanama zonse. Koma funsa kuti sabata yake ndi iti, ndipo akuuze mwezi ndi tsiku, osati nambala. Pepala lanu likuti mungathe kusinthana ndi ena. Lathunso linkatero. Kusinthana kumafuna munthu amene akusirira chako, ndipo m'Lusaka monse sitinapeze wosirira Febuluwale.

Kulakwa kwachitatu ndi kumene ndimachita nako manyazi ndikakhala kutsogolo kutchalitchi. Tchuthi cha boma chinkaperekedwa motsata ndandanda, ndipo changa chinkagwa mu Juni. Kiyi imodzi yokha inkatsegula chitseko cha bwana mwezi uliwonse, ndiyo maliro. Chaka chachiwiri ndinapha amalume a ku Chadiza, amene anali atamwalira kale ine ndili mwana. Chaka chachitatu ndinapha azakhali amene sanabadwepo n'komwe. Kusukulu kwako tinanena bodza lomwelo, ndipo ndinakuuza kuti uzioneka wachisoni, koma iwe unakauza aphunzitsi kuti, "Tiyenda ku malilo ya kunyanja, kuli na kasitima." Bwana wanga anali a Simukonda, munthu wa ku Northern, wodekha, wosakweza mawu. Chaka chachitatucho anasaina fomu yanga osadzutsa mutu, n'kunena kuti, "Amai Phiri, kwanu ku Eastern bantu bamafa mu Febuluwale chabe?" Ndinaseka nawo, ndinatenga fomu n'kutuluka. Kumudzi amati kutchula maliro pasanafe munthu ndi kuwaitana. Ine sindinkakhulupirira zimenezo, ndipo ngakhale lero sindikhulupirira. Chimene ndikufuna uone ndi china. Ine sindinali munthu wabodza. Koma chinthu ukachilipiriratu chimayamba kukulamula, chimakuuza tsiku lonyamuka, ndipo iwe umayamba kupinda zina zonse kuti zikwane pa tsikulo. Tinkati tagula mpumulo, koma tinali titadzipezera bwana wachiwiri.

Za azakhali ako a Tisa uzidziwenso, popeza ndi omwewo akukangana za mchere kukhitchini panopa. Chaka chachitatu chomwecho anamva kuti achimwene awo ali ndi nyumba kunyanja. Lachisanu tikulongedza anatulukira kuchokera ku Chilenje ndi ana atatu, mtolo wa zofunda ndi nkhuku yamoyo. Ukanawauza chiyani? Tinapanikizana m'kagalimoto kathu mpaka kunyanja. Pa geti mlonda anasuzumira, anawerenga mitu ndi chala, n'kunena kuti, "Bwana, lamulo ni banai chabe mu nyumba imozi." Atate ako anatulutsa satifiketi, anati nyumbayi ndi yawo, awa ndi alongo awo. Mlonda anati, "Nyumba ni yanu, bwana, koma lamulo ni ya kampani." Mapeto ake a Tisa ndi ana awiri anakagona kumakomboni a antchito, kwa mkazi wa mlonda yemweyo. Iwo ndiwo anadya bwino kuposa ife, nsomba zaziwisi tsiku lililonse, ife tikutsegula zitini. Koma mpaka lero akakwiya amati, "Paja ine ndine uja munasiya pa geti." Nyumba imene sungalowetsemo mlamu wako si yako, mwana wanga, ngakhale pepala lake likhale la golide. A Chanda ali ndi abale ku Kitwe, iwe uli ndi ako kuno, ndipo tsiku limene adzamve kuti muli ndi nyumba pafupi ndi mawilo aja, udzandiuza.

Pambuyo pa chaka chachinayi sitinapitenso. Iwe tinakuuza kuti ndi chifukwa cha nkhondo ya kutsidya kwa nyanja, ndipo patapita nthawi zinakhaladi choncho. Msewu unadzaza asilikali, petulo anayamba kusowa, kopa inagwa. Amene anapitako ankabwera ndi nkhani zoti kasitima kaima chifukwa chitsulo chake china chimachokera kunja, dziwe losambira lasanduka lobiriwira, akavalo aja adyedwa ndi chiswe. Chimene sichinaime ndi kalata ya Januwale. Inkafika chaka chilichonse, yotaipidwa bwino, yonena kuti ndalama yokonzera malo yakwera. Upite usapite, umalipira, ndipo pepala lathu linalibe polekezera. Tinayesa kugulitsa. Ndinamata chidziwitso pa bolodi la kutchalitchi, china ku ofesi, china pa sitolo ya ku Woodlands kumene amagula anthu a ndalama. Anabwera munthu mmodzi yekha, anafunsa mwezi, anamwa tiyi wathu n'kupita. Agnesi nditakumana naye pamzere wa mafuta ophikira anandinong'oneza kuti nayenso akufuna wogula, Ogasiti yense uja. Kenaka makalata analeka, tinamva kuti eni kampani anachoka m'dziko. Satifiketi ija ndinayala pansi pa dirowa ya masipuni, ikugwirabe ntchito imeneyo.

Ukhoza kunena kuti ku Amerika zitsulo sizisowa ndipo makampani sathawa. Mwina. Sindinapiteko, sindingatsutse. Koma kulikonse denga limakalamba, ndipo wolipira ndi iwe, pa mtengo umene adzatchule ndi iwo. Uwafunse kuti ukatopa nazo umatulukira khomo liti, ndipo akuonetse munthu mmodzi amene anatuluka bwino. Kumbukiranso kuti ana amene mukuwagulira mawilo aja sanabadwe, ngakhale mimba palibe. Adzabadwa, adzakhala akhanda osadziwa kanthu, adzasangalala zaka zinayi kapena zisanu, kenaka adzayamba kuchita manyazi kuyenda ndi makolo. Iwe utafika fomu wani ku sekondale sunkafuna n'komwe kuti ndikuperekeze pa basi. Sabata yanuyo idzakhalapobe, ikudikira nkhalamba ziwiri kuti zikakwere akavalo.

Zonsezi ndi za ndalama ndi manyazi, ndipo zimapola. Yatsala imodzi, ya chaka chachinayi, imene sindinakuuzepo. Ndiilemba mmene inachitikira.

Kumapeto kwa Januwale ndinalandira kalata yochokera ku Katete, kwa mlongo wanga, amalume ako a Yohane. Inali yaifupi. "Amayi sakudya bwino, miyendo yatupa, akukufunsani. Mukapeza mpata bwerani." Agogo ako aNabanda ankatupa miyendo dzinja lililonse, ndipo dzinja lililonse ankadzuka n'kupita kumunda akutukwana aliyense wowaletsa. Kalatayo ndinapita nayo kwa a Simukonda. Kanali koyamba kulowa mu ofesi mwawo mu Febuluwale ndi chifukwa choona. Anaiwerenga, anandipatsa sabata yathunthu, n'kunena kuti, "Mukabapatse moni bamai." Ndinafika kunyumba ndili ndi sabata imodzi m'manja, malo opita awiri.

Atate ako anati, "Amake Thandi, tiyeni ku Katete."

Ine ndinati, "Ya kunyanja ikapita yapita, ndipo tinalipila kale. Ku Katete tizayenda pa Isitala. Katete sithaba."

Ndinanena mawu amenewa ndikusita kadiresi kako. Atate ako anandiyang'ana, ndipo sanandikumbutsepo mawuwo mpaka lero. Ndinagula shuga, mchere ndi sopo, ndinalemba kakalata koti tikubwera pa Isitala, n'kupereka kwa kondakitala wa basi ya ku Chipata. Kwa anansi athu a ku Kabwata tinanena zimene ndinanena ku ofesi, kuti tikupita kumudzi kukaona odwala. Lamlungu m'mawa tinatseka nyumba n'kulowera kunyanja. Panalibe munthu ndi mmodzi yemwe m'Lusaka amene ankadziwa kumene tinali.

Chaka chimenecho mvula inatipatsa ulemu. Kunawala sabata yonse, kasitima kanayenda, iwe unaphunzira kusambira. Pa masabata anayi amene tinakhalako, imeneyo ndiyo inakoma kuposa onse.

Amayi anamwalira Lolemba m'mawa. A Yohane anapalasa njinga mpaka pa boma n'kutumiza telegalamu ku adiresi yokhayo imene anali nayo, ya ku ofesi kwanga. Mesenjala anaipereka kwa a Simukonda. Iwo anaganiza kuti telegalamuyo yasemphana nane pa msewu, kuti ine ndili kale kumudzi. Anachita zimene anthu amachita. Anasonkhetsa chipepeso, anapempha galimoto ya ofesi, anatenga amayi atatu amene ndinkataipa nawo, ndipo iwo eni anakwera kutsogolo, mwina chifukwa cha nthabwala ija. Anayenda tsiku lonse, anawoloka Luangwa, anafika Lachiwiri dzuwa litapendeka. Amayi aja anatsika akulira monga kuyenera. A Yohane anawalandira, anasuzumira m'galimoto, n'kufunsa kuti, "Nanga alongo anga mwawasiya kuti?"

Anandidikira mpaka Lachitatu masana. Kunali kotentha ndi chinyezi, sakanatha kupitirira apo. Pa mkeka wa mwana wamkazi, pafupi ndi mutu wa bokosi, panakhala Gilesi, mnzanga wa pa taipi wochokera ku Luapula, amene amayi anga sanawaonepo ali moyo. Ndiye anagona m'nyumba ya siwa m'malo mwanga, ndiye anatsogola polira potuluka. Anaika maliro Lachitatu dzuwa litapendeka.

Ife tinabwerera ku Kabwata Lamlungu, takuda ndi dzuwa. Amake Bwalya a nyumba yoyandikana nafe anatuluka tisanazime galimoto. Sanatipatse moni. Anati, "Mwachokela kuti?" Ine ndinali nditanyamula mtolo wa nsomba zouma, iwe utavala chipewa cha pepala. Anayang'ana nsombazo, anandiyang'ana ine, n'kunena kuti, "Ngenani mu nyumba, munkhale pansi."

Mawa lake tinapita ku Katete. Iwe tinakusiya kwa a Tisa, ndipo utakula tinakuuza kuti tinachedwa maliro a agogo ako chifukwa msewu wa ku Luangwa unali woipa. Ndinapeza mulu wa dothi lofiira, nkhata za maluwa zitafota kale, ina yolembedwa dzina la ofesi yathu. A Yohane sanandikalipire. Ndikanakonda akanatero. Tili kumanda anati, "Loweruka anafunsa kawiri ngati basi yadutsa." Pobwerera kunyumba anawonjezera kuti, "Shuga wanu anafika. Tinamwetsa anthu a pamaliro."

Nditabwerera ku ntchito ndinapeza anzanga akutaipa, aliyense maso pa pepala lake. A Simukonda anandipepesa ndi manja awiri monga mwa mwambo, osafunsa kanthu. Ndinawagwirira ntchito zaka zina zisanu ndi zinayi, ndipo sanandiseke nthabwala ina iliyonse. Gilesi ndi amene uja umamutcha anti, amene wabweretsa chikwama chako cha m'manja. Tsopano wadziwa chifukwa chake pa ukwati wako anakhala pa tebulo la abale.

Sindikunena kuti sabata ija inapha amayi. Akanamwalira ndithu Lolemba lomwelo, ine ndilipo kapena palibe. Sindikunenanso kuti wogulitsa wa suti ya safari ndiye wolakwa, iye anagulitsa, wosankha ndinali ine. Ndikungonena kuti tsiku limene kalata ya a Yohane inafika, m'dirowa mwanga munali pepala limene linali ndi mawu pa nkhani ya amayi anga, ndipo ndinalimvera. Pakanapanda pepalalo panalibe chokambirana, ndikanakwera basi. Zimandiwawa mpaka lero, ndipo Febuluwale aliyense ndimadwala mutu umene adokotala saupeza.

Tsono tiye tiwerenge zako. Wandiuza kuti ku chipatala kumene ukagwire unamwino amapereka tchuthi cha masabata awiri pachaka. Wandiuzanso mtengo wa tikiti yobwera kuno, ndipo ndinakhala pansi. Ndiye kuti pachaka muli ndi ulendo umodzi, osati iwiri. Mukasaina pepala lija, ulendo umenewo mwaupereka kale, chaka chino ndi zaka zonse zikubwera, ndipo chaka chilichonse mudzanena zimene ndinanena ine, kuti iyi ikapita yapita, Lusaka sathawa. Mapanga awiri avumbwitsa. Ukandifunsa ngati chinthuchi n'choyenera kugula, yankho langa ndi ili. Kwa munthu amene makolo ake amakhala msewu wachiwiri, amene tchuthi chake amasankha yekha, amene amakonda malo amodzi chaka ndi chaka ndipo ndalama yokonzera ikakwera samva kuwawa, mwina n'chabwino. Iwe si munthu ameneyo. Ana akadzabadwa n'kufika msinkhu wa akavalo, mudzapite nawo, mudzalipire hotela masiku amene mwafuna, mudzajambule zithunzi n'kutseka chitseko osasiyako dzina. Zidzaoneka zodula tsiku limenelo, koma chaka chotsatira mudzakhala mfulu.

A Chanda ndi munthu wabwino, ndipo ndikudziwa chimene chawagwira. Akhala okha zaka ziwiri m'dziko la eni, akufuna kukulandira ndi chinthu chachikulu m'manja. Usawachititse manyazi. Usanene kuti amayi akana, apongozi salowa m'thumba la mkamwini. Uwauze kuti ukufuna kuona kaye chaka chimodzi chithe, udziwe nyengo za kumeneko ndi ndandanda ya ku ntchito. Ngati akuumirira, uwapatse kalatayi awerenge okha, ine manyazi anga anatha kalekale pa geti ndi kumanda. Koma usasaine tsiku limene wadya, usasaine osadziwa mwezi, ndipo usasaine chinthu chopanda khomo lotulukira.

Sindikukupempha kuti uzibwera chaka chilichonse. Ndili bwino, kupatula kuthamanga kwa magazi kumene ndimamwera mankhwala, ndipo atate ako adzatiika tonse. Pita ukagwire ntchito, ukamange banja lako, usamatiganizire usiku ndi usana. Koma tsiku lina, chaka chimene sindikuchidziwa, mlongo wako Mabvuto adzakulembera kalata yaifupi. Sadzalemba kuti amayi akufa, kwathu sitilemba choncho. Adzalemba kuti amayi sakudya bwino, akukufunsani, mukapeza mpata bwerani. Uidziwe kalata imeneyo ikadzafika. Ndipo tsiku limenelo ndikufuna kuti m'dirowa mwako musadzakhale pepala lililonse lolipiridwa kale loti likuuze kuti dikira Isitala.

Ndikumva nyimbo pa geti, amayi a kumpingo afika, ndiyenera kukavala chitenje. Nsinjiro ndaika m'chitini cha mkaka, nsomba za kapenta zili m'mapepala atatu pansi pa nsapato, akakufunsa pa bwalo la ndege unene zoona. Jekete ya buluu uivale, usaiike m'sutikesi, akuti kumeneko ukafika kukuzizira.

Chithunzi chija pita nacho, ndi chako. Ndi cha chaka chachinayi chija. Wojambula ankabwera kunyanja kamodzi pa sabata, Lachitatu dzuwa litapendeka. Unaseka bwino tsiku limenelo, ndipo iwe unalibe mlandu.

Uyende bwino, mwana wanga. Ukafika ulembe.

Ndine amayi ako,
Amake Thandi